Seva Yosatuluka Thukuta

Makalata awiri anali pa sikirini, ndipo Mayi Anapiye anali atawawerenga kale katatu. Onse ankafunsa chinthu chimodzi: kodi lendi ya seva ipitirire chaka china? Yankho linkafunika isanakwane thwelofu koloko.

Kuseri kwa khoma la ofesi makina ofungatira mazira ankalira chapansipansi. Munali mazira zikwi khumi ndi ziwiri, oti aswe mawa lake. Mwanapiye aliyense anali ndi mwini wake kale. Alimi ankaitanitsa pa webusaiti, ndipo mayina awo, manambala a foni ndi malo okatsitsira makatoni, zonse zinkasungidwa mu seva, kompyuta yoyendetsa webusaitiyo. Kope lolembamo pamanja amayiwo analitaya kalekale. Ankati n'zachimidzi.

Maseva anali nawo awiri. Seva yoyamba inali yotchipa. Anaichita lendi zaka zinayi zapitazo, bizinesi ikadali yokwawa. Anali makina awo okha, osagawana ndi munthu, koma okalamba, ali m'chinyumba china kutali komwe iwo sanapondeko. Ukaimba foni kukampani yake, ankayankha ngati wawadula nkhani yokoma.

Yachiwiri inkatchedwa Yagolide, ndipo mtengo wake unali kasanu. Anailowa chaka chatha, atamva mnzawo wogulitsa zakudya za nkhuku akuitama pamsonkhano. Kumeneko foni inkangolira kamodzi, mtsikana wa mawu ozuna n'kuyankha kuti, "Tikuthandizeni motani, bwana wathu?" Akampaniyo anawatumiziranso kalendala ndi kapu ya mkombero wonyezimira. Chiyambireni, amayiwo sanamwerenso tiyi m'kapu ina.

Ntchito yosamutsa webusaiti kupita ku Yagolide anapatsa mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, amene anaphunzira zamakompyuta. Kunyumba ankamutcha Mawamawa, koma mutu anali nawo. Anakhala pa mpando womwewu Lachisanu lathunthu, akugogoda mabatani, kwinaku akutafuna chivindikiro cha cholembera.

"Zatheka, alamu?" anamufunsa poweruka.

"Kwangotsala kakang'ono, alamu."

Anamugulira foni yatsopano pomuthokoza. Seva yakale anangoisiya, poti lendi yake inali isanathe.

Kuyambira pamenepo webusaiti inkathamanga ngati mwana wotumidwa kogula switi. Amayiwo ankaona okha ndi maso awo. Alimi akaitanitsa bwinobwino, iwo ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Chinthu chodula chimadziwika ndi kayendedwe."

Umboni unalipo. Mwezi uliwonse Yagolide inkatumiza lipoti la masamba anayi, lamitundumitundu. Sinazimepo ngakhale mphindi imodzi. Sinatenthepo. Pa mphamvu zake zonse, inkagwiritsa ntchito gawo limodzi lokha mwa magawo zana. Mayi Anapiye ankasindikiza malipotiwo n'kuwamata pakhoma, pafupi ndi kalendala, kuti alendo aziona. Alimi onsewa, maoda onsewa, koma osatuluka thukuta!

Nanga yakale ija? Chinthu chongokhala, koma madandaulo ngati cholima munda wa mudzi wonse. Sabata iliyonse kauthenga: malo atsala pang'ono kudzaza. Ndatentha. Ntchito yandichulukira. Amayiwo anali atalembapo antchito ambiri pa moyo wawo, ndipo mtundu umenewu ankaudziwa. Munthu wogona pa matumba a gaga ndi amene amayamba kubuula za msana.

M'mawa anali ataimbira Mawamawa.

"Ndikubwera, alamu. Musakhudze kanthu."

Izo zinali seveni koloko. Tsopano inali itadutsa leveni. Amayiwo anatsonya. Akamudikira, iye adzati tiganize bwino, tione mawa, ndiye chinkhalamba chodandaula chija chidzadya lendi ya chaka china chili gone. Kusankha pakati pa ng'ombe yokoka ngolo ndi bulu wolumala sikufuna munthu wa dipuloma.

Anatsegula kalata ya Yagolide n'kudina batani lopitiriza. Nthawi yomweyo panatuluka maluwa pa sikirini ndi mawu othokoza bwana wathu.

Kenako anatsegula inayo n'kudina lothetsa. Panabwera chenjezo la zilembo zofiira: zonse zimene zili mu sevayi zifufutidwa, ndipo sizidzabwezedwanso. Mukutsimikiza?

Mayi Anapiye anaseka. Zaka zinayi zonsezi, lero ndiye kampaniyo yadziwa kufunsa munthu maganizo ake.

Sikirini inafunsanso kachiwiri. Iwo analemba INDE, ndi zilembo zikuluzikulu, ndi chala chimodzi, mosathamanga.

Anathira tiyi m'kapu yonyezimira ija. Mtima unali mbee, ngati munthu amene wasesa m'nyumba n'kutaya zinyalala kutali. Foni inalira. Anali mlimi wina, akuti webusaiti sikutseguka.

"Ndi netiweki ya kwanu, bambo. Kwerani pachulu. Ife seva yathu siigona."

Atangoika foni pansi, chitseko chinatseguka. Mawamawa analowa akupukuta nkhope, chisoti cha njinga yamoto chili kukhwapa.

"Mwachedwa, alamu, ndathana nazo ndekha," anatero amayiwo monyadira, akumutembenuzira sikirini. "Chinkhalamba chanu chija chapita. Tatsala ndi yamphamvu yokhayokha."

Mawamawa anawerenga. Anayang'ana malipoti apakhoma, limodzi limodzi, mpaka la khumi ndi chiwiri. Kenako anakhala pansi, ngakhale kuti kumbuyo kwake kunalibe mpando.

"Alamu," anatero chonong'ona, "kakang'ono kanatsala kaja ndi kusamutsa kwenikweniko. Mu Yagolide simunalowepo kanthu. Ndimati ndichite mawa."

Kuseri kwa khoma, mwanapiye woyamba analira, wopanda mwini.