Chifuwa cha Bambo a Inês

Chala cha aphunzitsi a Baptista chinaima pamwamba pa foni. Nkhani za ana a m'kalasi mwawo ku Moatize ankaziika pa blogu mosazengereza, koma ya Inês inawalemera. Mtsikanayo analemba za bambo ake, oyendetsa kamiyao, chigalimoto chonyamula katundu, kumgodi wa malasha, amene akatsokomola amalavula zakuda.

Blogu amawerenga ndi aliyense, ngakhale mashefe, mabwana a kumgodi.

"Inês, ntchito ya bambo ako ikhoza kuthera pamenepa. Akudziwa kuti walemba?"

"Ndinawawerengera dzulo, aphunzitsi."

"Ndiye anati chiyani?"

Mtsikanayo anapukuta fumbi patebulo ndi chikhatho.

"Anati ndiwonjezere dzina lawo lonse, anthu asamayese nthano."

A Baptista anamupatsa foniyo.

"Bwera, ulilembe wekha."