Thanki Yomwe Inkadzaza Yokha

Panali munthu wina ku Limbe, m'zaka zija za Chitaganya, dzina lake Fabiano. Ankayang'anira malo omwetsera galimoto a mmwenye wina. Omwe anaona akuti zinachitikadi.

M'mawa uliwonse ankaviika ndodo yoyezera m'thanki ya petulo yokwiriridwa pansi. M'chilimwe anaona kuti mafuta akutsika ngakhale Lamulungu, pampu ili yokhoma. Anachita mantha kuti bwana akamva, ntchito yatha. Anayamba kukayikira aliyense, mlonda, ogula, ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa kumpanda.

Atawadandaulira a Nasoro, dalaivala wa lole amene ankamwetsa pamenepo, iwo anati, "Achimwene, wakuba satunga muyezo umodzimodzi tsiku ndi tsiku. Thankiyo yabooka. Kawauzeni abwana akumbe."

"Mukuikira kumbuyo ndani?" anafunsa Fabiano, akuwayang'ana cham'mbali.

Kenaka kunabwera mlendo wovala jekete, wodzitcha sing'anga. "Akukuberani mwa chitaka," anatero. "Eni ake mumaseka nawo." Anakwirira kansupa pafupi ndi chivundikiro cha thanki, n'kumuchenjeza kuti akaulula kuntchito, mankhwala asukuluka.

Sabata yomweyo mvula inayamba. Ndodo inaonetsa kuti mafuta asiya kutsika. Itagwa yamphamvu, anakwera ndithu.

"Akubweza okha!" Fabiano anauza mkazi wake Esnat.

"Tsono petulo amaswana ngati mbewa, bambo? Mwainunkhiza nsonga ya ndodoyo?"

"Khalani chete mayi, mungandisukulutsire mankhwala."

Loweruka a Nasoro anamwetsa lole atanyamula anthu a ukwati opita ku Soche. Pa Ginnery Corner injini inatsokomola n'kuzima. Atamasula paipi ya mafuta, munatuluka madzi amatope. Akwati anatsika, n'kuuyamba wapansi pamvula.

Bwana atamva zimenezi, anakumbitsa thanki. Dzimbiri linali litaiboola pansi. M'chilimwe petulo ankathawira m'nthaka, ndipo mvula itagwa madzi a m'nthaka ankalowera pabowo lomwelo.

"Unaona liti kuti mafuta akutsika?" anafunsa bwana.

"Kusanagwe mvula, bwana."

"Ine ndikumva lero?"

Bwana anatambasula dzanja. "Makiyi."

Phunziro: Muyezo ukatsika popanda chifukwa, kapena kukwera popanda wothiramo, kanenani msanga kwa eni ake, akumbe aone. Musathamangire kuloza anzanu chala, ndipo chenjerani ndi mlendo wokuuzani kuti mubise vuto. Mukawerenga, patsirani mnzanu, makamaka wogwira ntchito ya mafuta.