Chifuwa cha Kalipentala

"Agogo, bwanji chifuwa chanu chimangoyamba amayi akuseri akagogoda?"

Mdzukulu wobwera kutchuthi anafunsa zimenezi pamaso pa mlangizi wa zaumoyo. Kalipentala wokalambayo anangoti maso pa utuchi.

Chisanu chitayamba, mlangiziyo anapempha kuti oyandikana nyumba azizondana m'mawa uliwonse, makamaka wina akadwala. Mayi wamasiye wakuseri ankabwera ndi tiyi wa mandimu, n'kukhala pampando wosamalizidwa mpaka dzuwa litafunda. Chifuwa chinatha sabata yoyamba. Koma wochira sazondedwa, choncho kalipentala anachisunga.

"Chifuwa cha milungu isanu si chocheza nacho, bambo," anatero mlangizi. "Mawa mupite kuchipatala akakuyezeni makhololo."

"Ndinachira, mwanangu," anaulula kalipentala. "Kalekale."

Mlangizi anachoka akudzigwira pakamwa.

M'mawa mwake pachitseko panalibe wogogoda. Kalipentala anapala thabwa limodzi mpaka linatsala pang'ono kubooka, kenako anapita pampanda. Mayi uja ankayanika zovala.

"Akuuzani eti?" anafunsa kalipentala.

"Andiuze chiyani? Inu mukayamba nkhani za mipando yanu mumaiwala kutsokomola. Ndinadziwa mandimu oyamba asanathe."

"Nanga munkabwereranji?"

Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsokomola kawiri. Kanali kachifuwa kopepuka, kapamwambamwamba, ngati kobwereka.

"Changondiyamba lero," anatero.

Kalipentala anapukusa mutu ngati dokotala.

"Chimenecho ndimachidziwa, mayi, sichitha msanga. Mawa ndibwera ndi tiyi, ndipo sindijomba mpaka chisanu chithe."

"Nanenso sindichira chisanathe," analonjeza mayiyo.