Masamba a M'ndowa

Chitsegukireni Diso kumwamba, m'mudzi mwa Chikuse palibe amene amadzutsa mutu. Anthu amayenda chowerama, zipewa zamlaza kumutu, ndipo ndowa iliyonse yochokera kumjigo imaphimbidwa ndi masamba kuopa kuti Disolo lingaonekere m'madzi. Woliona sabwerera. Thupi limatsala, koma mwini wake amachokamo.

Zelesi anapeza mwamuna wake Lufeyo atagwada m'bafa lopanda denga, akuyang'ana m'beseni osaphethira. Masamba munalibe. Amene anatunga madziwo anali Filesi, mlongo wake wa Lufeyo, yemwe ankavala malaya ojambulidwa Diso ngati achinyamata a m'tauni.

"Alamu, masamba aja munasiya kuti?" Zelesi anafunsa.

"Ndinataya dala," anayankha Filesi uku akusenda chinangwa pabwalo. "Achimwene anatopa nawo umunthu. Kulima, kudwala, kufa, basi? Pano sakumva njala, sakuopa kanthu. Muzindithokoza."

"Ndikuthokozeni? Ana angawa bambo wawo akhala ndani?"

"Kumwambako sakudziwa n'komwe kuti kuli ana anu. Ndife nyerere, alamu."

"Nanga inu bwanji simunasuzumiremo?"

Filesi anangopitiriza kusenda chinangwa.

Zelesi anakokera mwamuna wake pakhonde, namufunditsa chitenje kumaso. Kenako anakwecha mbale yachitsulo mpaka kuwala, naidzaza madzi, naiika pamapazi pa mlamu wakeyo, poyera penipeni.

"Sambani m'manja, alamu. Chakudya chapsa."

Filesi anatsinzina zolimba, mpeni unagwa pansi.

"Chonde alamu," ananong'ona, "ikanimo masamba."