Nyali Yovina

Nyali ya chenjezo ya m'galimoto itayakanso, Bra Mxolisi, mwini galaja, anaponya makiyi pansi.

"Sensa yachitatu imeneyi, sisi! Lamlungu ndikazungulitsa galimotoyi pabwalo, Soweto yense akuonerera. Ikakandizimira, muno usadzapondemonso."

Refilwe, makaniko wa pagalajapo, anakukuta mano. Injini yamphamvuyo anaiikamo yekha, waya uliwonse ankaudziwa. Akaiyesa m'galaja muli zii, kakompyuta koyezera galimoto kankati zonse zili bwino. Koma bwanayo akangotuluka nayo, nambala yomweyo ya vuto inkabwerera.

"Lowani, Bra. Chitani zonse zimene mumachita mukakhala nokha."

"Zonse? Ndiimbirenso chibwenzi?"

"Ndati zonse!"

Bra Mxolisi analiza injini, anavala magalasi akuda, kenako anatsegula nyimbo. Masipika akumbuyo anagunda mpaka masipanala kunjenjemera patebulo.

Nyali inaphethira. Ng'oma itagundanso, inaphethiranso. Ng'oma kawiri, nyali kawiri, osaphonya ngakhale kamodzi.

Refilwe anagwada, n'kulondola ndi chala waya wonenepa wa masipika mpaka pa bawuti imodzi. Unamangidwa pamwamba penipeni pa kawaya ka sensa, ndipo ng'oma iliyonse inkakalanda magetsi.

"Waya uwu anamanga ndani apa?"

"Ine," anayankha motsitsa mawu. Anavula magalasi aja, maso ali tong'o pa nyali. "Sisi, taona. Ikuvina."

Refilwe anali atagwira kale sipanala, koma sanamasule msanga. Awiriwo anaonerera mpaka nyimbo inatha.