Mayi Anamuitana, Iye Ali Kalikiliki ndi Lona

Panali munthu wina, wowotcherera zitsulo, amene mayi ake anagwidwa ndi matenda oiwala. Zinafika poti mwana wawo wobereka okha ankamufunsa kuti, "Inu ndinu ndani?" Iye ankangoseka, koma mkati mukuwawa.

Sukulu zitatsekera, anatenga mkazi wake, ana ndi mayi akewo kuti akaone mlongo wake amene ankakhala kutali. Kumbuyo kwa galimoto anakolekako ngolo imene anawotcherera yekha, n'kupakiramo matiresi, zikwama ndi mapoto. Ngoloyo ankainyadira kwabasi. Akayenda pang'ono ankaima kuti akayang'ane matayala, mpaka ana anayamba kuitchula kuti mng'ono wawo.

Ali m'njira mvula inayamba, yosakata. Poti panalibe pena posewera, mkazi wake ankalowa ndi ana komanso apongozi ake m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za m'matauni amene ankadutsa. Iye ankatsala panja.

"Bambo a ana, tiyeni tilowe limodzi. Katunduyu sapita kulikonse."

"Lowani inu. Ine zoona miphika yosweka ayi. Matiresi akanyowa tigona pati?"

Tsiku lina anaima m'katauni kena mvula ikukhuthuka. Mphepo inali itakanganula lona wa pangolo, ndiye bamboyo anatsala akulimbana ndi chingwe.

Mkazi wake, ana ndi mayi ake analowa m'nyumba ya zinthu zakale ya m'katauniko. M'katimo, pakona, panali makina akale osokera, opalasa ndi phazi. Mayi aja, amene paubwino wawo anali telala, anaima njo. Anaika dzanja pagudumu la makinawo, nkhope n'kuwala ngati munthu wodzuka kutulo. Anayang'ana mpongozi wawo n'kumutchula dzina. Adzukulu nawonso anawatchula mmodzimmodzi. Kenako anafunsa kuti, "Nanga Kamphuno wanga ali kuti?" Limeneli linali dzina limene ankamunyengerera nalo mwana wawoyo ali wakhanda.

Mkazi uja anathamangira pakhomo. "Bambo a ana! Bwerani msanga, mayi akukuitanani!"

"Ndikubwera, ndimalize kaye mfundoyi."

"Siyani zimenezo! Akukuitanani ndi dzina!"

Mvula inali ikuchita phokoso pamalata, moti sanamve bwino. Anangokweza dzanja. Anamanga mfundoyo, anaona ina yakhwepa, nayonso anamanga. Kenako anazungulira ngolo yonse kuti atsimikize.

Atalowa, madzi akuyenderera m'malaya, anapeza mayi ake atakhala pabenchi, maso ali kutali. Anagwada patsogolo pawo.

"Mayi, ndabwera. Ndine Kamphuno."

Anamuyang'ana mwaulemu. "Zikomo bambo. Ndinu adalaivala athu eti? Mwanyowatu, pepani."

Bambo uja anakhala pansi pomwepo, n'kuphimba nkhope ndi manja. Mkazi wake sanamukalipire. Anagwada pambali pake n'kumugwira paphewa.

"Anakudikiranitu. Nditawauza kuti mukumanga lona anaseka. Akuti, 'Musiyeni, ndi mmene alili mwana ameneyo. Sakhazikika mpaka aliyense atagona pouma. Ndinamulera bwino.'"

Pamenepo analira ngati mwana. Mayi ake, poona mlendo akulira, anavula mpango wawo n'kuyamba kumupukuta madzi m'mutu pang'onopang'ono. "Basi, basi, bambo. Mufika kwanu."

Pobwerera anaimanso panyumba ija. Anawagwira dzanja mayi ake mpaka pa makina aja, iwo anangodutsa osacheuka n'komwe. Anakhala ndi moyo nthawi ndithu, iye akuwasamalira ndi mtima wonse, koma sanamutchulenso dzina. Mpaka tsiku lawo lomaliza ankauza aliyense wobwera kudzawaona kuti ali ndi dalaivala wachifundo kwambiri.

Phunziro: Munthu amene umamukonda akakuitana, siya chimene wagwira, pita. Matiresi onyowa amauma padzuwa, koma nthawi ina ikadutsa sibwereranso. Ngati makolo ako akadali moyo ndipo akutha kukutchula dzina, ayankhe lero. Tumiza nkhaniyi kwa m'bale wako amene nthawi zonse amati "ndikubwera."