Wansembe Pakhomo la Wodi

Mlongo wanga anatchinga khomo la wodi ndi mkono.

"Wansembeyu salowa, achimwene. Wokhululukira machimo ndi Mulungu yekha."

"Abambo amuitanitsa okha," ndinatero. "Akufuna kulapa asanafe."

"Zaka makumi awiri muli kunja, matewera ndikuwasintha ndine. Lero mukudziwa zimene akufuna?"

Wansembe anatsegula Baibulo, mlongo wanga anatsegulanso lake. Mavesi anagundana pakhondepo ngati mbuzi zamphongo.

Kenaka mayi wokolopa anatuluka m'wodimo ndi ndowa yake.

"Bambo anu atisiya. Anandigwira dzanja n'kundiuza zonse zimene analakwa."

"Munawayankha chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinati, 'Dikirani pang'ono agogo, ine ndine wokolopa chabe. Eniake ali pakhomopa.'"